Ngolo ya Apisai

Panali munthu wina dzina lake Sakiusa, wa pachilumba cha Kadavu ku Fiji. Iye ndi mng'ono wake Apisai anali ndi boti lonyamula anthu ndi katundu, limene linkadyetsa banja lonse.

Chaka china anaitana katswiri kuti aunike zimene zingagwetse bizinesi yawo. Katswiriyo anati choopsa chachikulu ndi namondwe, chifukwa botilo linkagona pamadzi. Onse anavomera. Sakiusa anati nkhani yatha, koma Apisai anakana.

"Achimwene, kudziwa kokha sikutulutsa boti m'madzi."

Apisai anawotcherera ngolo yachitsulo yokokera botilo kumtunda, naphunzitsa amuna a m'mudzi kakokedwe kake. Anthu anayamba kuitchula kuti ngolo ya Apisai. Kutchalitchi, ngolo ya Apisai. Pomwa kava, chakumwa chawo chamwambo chochokera ku mizu, ngolo ya Apisai. Abale inu, Sakiusa nsanje inamudya mpaka kuwonda!

"Boti ndimayendetsa ndine," ankadandaulira mkazi wake, "koma kutchuka akutchuka mwana amene ndinkamupukuta mamina."

Tsiku lina Apisai ali kutauni ya Suva, kunabwera msuweni wawo Taniela wa kutsidya la mtsinje, amenenso anali ndi boti lake, mizu ya kava ili m'manja. Pachilumbapo wachibale akapempha chinthu mwamwambo chonchi, sumukaniza.

"Msuweni, waulesi iwe, ndibwereke ngolo ija ndikatutire matabwa."

"Tenga, wakuba iwe," anatero Sakiusa akuseka. "Ndipo usavutike kubweza msanga."

Mumtima ankangoti ichoke, makutu apume.

Apisai atabwerako anapeza pamalo pali mbee.

"Achimwene, ngolo ili kuti?"

"Wangopita kutauni, mwambo waiwala kale? Ndikanamukaniza Taniela?"

"Sindikutsutsa. Koma mvula yayandikira, tiyeni tikaitenge."

"Kuti anthu azinena kuti ndine womana? Iwe usandilamulire. Zoopsazo tinaziunika kale."

Apisai anangochokapo, paja wamkulu sayankhidwa kawiri.

Sipanapite nthawi, wailesi inalengeza kuti namondwe akubwera. Apisai anathamangira kwa Taniela, koma anapeza mtsinje wasefukira, powolokera palibe. Amuna anayesa kukoka botilo ndi zingwe, koma silinasunthe n'pang'ono pomwe. Analimangirira kumitengo ya m'mphepete mwa nyanja n'kuthawira kumtunda.

Mphepo itatha, anapeza botilo lili pamiyala, litang'ambika pakati. Sakiusa anangokhala pansi, manja kumutu.

Madzi ataphwera, Taniela anatulukira akukoka ngolo ija ndi anzake, nkhope ili mwee. Za tsokalo anali asanamve.

"Msuweni, Mulungu akudalitse! Tinakokera boti langa kumtunda, silinakandike n'komwe. Koma ngolo ya Apisai, eee, mng'ono wakoyu ndi mutu!"

Ananena zimenezi mudzi wonse ukumva. Lero anthu a pachilumbapo amakwera boti la Taniela, ndipo woyendetsa wake ndi Apisai. Sakiusa naye akafuna kupita kumsika amakwera lomwelo, n'kukhala kumbuyo pamodzi ndi madengu a chinangwa.

Phunziro: Kuunika choopsa ndi chiyambi chabe. Mukachidziwa, konzani chotetezera, chisamalireni, ndipo chikhale pafupi tsiku la tsoka lisanafike. Nzeru yabwino musaitaye chifukwa choti yachokera kwa mng'ono wanu, pakuti namondwe safunsa kuti anaiganiza ndani. Nkhaniyi tumizirani abale onse amene amachitira bizinesi limodzi, makamaka uja amatupa mtima mnzake akayamikiridwa.