Ndolo za Azakhali a Colleen

M'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, Delaney anali atavala kale diresi loyera. Chinangotsala n'chinthu chobwereka, chimene mkwatibwi amatenga kwa mayi wa banja lolimba kuti mwayi umutsatire.

"Vala ndolo zangazi, mwanawe," anatero azakhali ake a Colleen. "Ine ndi amuna anga a Russell takalamba tili limodzi."

Akuvula ndolozo, tsitsi lawo linasuntha. Pakhosi panali mikwingwirima ya zala, yopakidwa paudala koma yoonekabe.

Delaney anatembenukira amayi ake, amene anali atakhala pakona.

"Amayi, ndibwerekeni kampango kanu."

"Ka amayi ako?" anafunsa azakhaliwo. "Iwotu banja anachita kulithawa."

"Ndikudziwa," anatero Delaney, uku akutambasula dzanja kuti alandire kampangoko.