Mathero a Buku Anapita ndi Utsi

"Wang'amba buku ili ndani?" Naomi anakuwa akulowa m'chigafa.

Linali buku lachikondi limene amayi a Chigwirizano ku Nsaru ankabwerekana mobisa, atalivindikira ndi chikuto cha buku la nyimbo. Naomi anali atafika pokoma penipeni: mwini esiteti waphedwa, ndipo mwana wake wamkazi watsala pang'ono kukwatiwa ndi mnyamata amene mwina ndi mlongo wake. Potsegula kutsogolo, masamba omaliza palibe.

Amuna ake, a Filipo, mkulu wa mpingo amene analumbira kuti anasiya kusuta kalekale, anangopitiriza kusoka fodya.

"Mabuku achikunja amenewo, mayi. Chiswe chakuthandizani."

"Chiswe chodula mowongoka chonchi? Nanga Lachinayi ndikawauza chiyani anzanga? Mayi Kettie chakudya sichikulowa, akudikira kumva amene anapha!"

"Akuvutikiranji? Anapha si malume ake a mtsikana uja? Ndipo mnyamatayo si mlongo wake ayi, anamusintha kuchipatala."

Naomi anawayang'anitsitsa. Kukhutu kwawo kunali kandudu kopichira, zilembo zikuoneka bwinobwino.

A Filipo anatsokomola. "Tsamba la ukwati lokha ndi limene ndinayatsa ndisanawerenge. Limenelo mukafunse abusa, iwo analimaliza lonse."