Chigubu cha Doreen Chosalembedwa

Panali munthu wina ku Katete, mayi wochenjera pa malonda, dzina lake Doreen. Nkhani yake ndinaimva kwa anthu a mpingo wake, ndipo mpaka pano ndikaikumbuka thupi limachita tsembwe.

Doreen anaphunzira kupanga sopo kwa a Isaac, bambo amene anagwirapo ntchito pa fakitale yoyenga mafuta ophikira. Sopoyo ankapanga ndi mafuta a mpendadzuwa ndi kositiki soda, mankhwala oyera ngati mchere amene kufakitale amatsukira makina ndi mapaipi.

"Mwana wanga, mankhwalawa amadya mnofu," anatero a Isaac, akumuonetsa chipsera cha pamkono. "Ukawasungunula amangooneka ngati madzi akumwa. Uzivala magolovesi, chigubu chake uchilembe ndi penti yofiira, ndipo uzichitsekera."

Doreen anavomera zonse. Koma sopo atayamba kuyenda malonda, mtima unasintha. Neba wake Janet ankakonda kufunsa kuti, "Kodi asisi, mumaikamo chiyani?" Doreen anaona kuti akalemba chigubu, Janet awerenga n'kumulanda makasitomala. Ndiye anathira mankhwala osungunulawo m'chigubu wamba, n'kuchiimika kukhitchini pakati pa zigubu za madzi. Ati iye akuchidziwa, komanso pakhomo amakhala yekha. Nzeru zakezo!

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amayi ake, a Scholastica, anabwera kuchokera ku Sinda osaimba foni. Iwowa ndi amene ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya kwawo, mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. Anapeza Doreen atapita kumsika, koma pobisa kiyi ankapadziwa. Nanga munthu angadikire chilolezo kuti amwe madzi m'nyumba ya mwana wake? Anatenga kapu, anathira za m'chigubu chija, ndipo ndi ludzu lija anameza kawiri asanamve moto.

Janet anamva kukuwa, anathamanga, n'kuimbira Doreen foni.

"Asisi, amama anu agwa! Milomo yasupuka! Muli chiyani m'chigubu ichi?"

Doreen mutu unaima. Anangoti, "Ndikubwera," n'kudula foni.

Janet, posadziwa kuti ndi mankhwala anji, anachita zomwe ankadziwa. Anawamwetsa madzi amchere kuti asanze. Kuchipatala nesi atamva zimenezi anagwira mutu.

"Mwawawotcha kawiri," anatero. "Potsika, ndiponso pokwera."

A Scholastica sanafe. Koma kummero kunapsa n'kutsala kanjira kakang'ono. Chakudya chawo ndi phala lamadzimadzi, ndipo akamalankhula uyenera kutchera khutu pakamwa pawo. Anzawo a kwaya akabwera kudzawaona n'kuyamba nyimbo, iwo amangogwedeza milomo, misozi ili chuchuchu.

Doreen anasiya za sopo, ndipo ndi amene akuwasamala. Chopweteka n'chakuti amayi akewo sanamukalipirepo ngakhale tsiku limodzi. Akuti anawagwadira akulira kuti, "Amama, nditukwaneni chabe, mtima wanga upume." Iwo anangomusisita kumutu.

Koma pali chinthu chimodzi chimene thupi lawo likukana. Doreen akawapatsa madzi, amalandira kapu ndi manja awiri, amaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako amamubwezera mwakachetechete. Samwa mpaka mwana wawo, wobereka okha, ayambe wamwako iwo akuona.

Phunziro: Kositiki soda musamuike m'chigubu, m'botolo kapena m'kapu yomwera, ngakhale mumakhala nokha. Lembani, tsekerani, ndipo apakhomo ndi aneba adziwe chimene mukusunga. Wina akamwa mwangozi musamusanzitse. Mutsukeni mkamwa ndi madzi, thamangirani naye kuchipatala, ndipo nenani msanga chimene wamwa. Tumizirani uthengawu onse opanga sopo amene mukuwadziwa, lero lomwe, asanalandire mlendo waludzu.