Dirasena wa Mayi a Rosie

Tsamba lina linathothoka Gregorio Makawa akuona, ngati linkangodikira mboni. Analitola n'kulibisa m'thumba la buluku, momwe munali kale anzake.

Pakona ya chipinda chochezera, m'nyumba yawo ya lendi pa Chitakale, panali dirasena, duwa la mumphika la mkazi wake Esmeralda. Kwa Gregorio, chinali chimanga chabe chimene chinakana kubereka: thunthu lowonda, masamba ataliatali, chisononkho osachiona. Koma m'nyumbamo chimanga chimenechi chinkalandira ulemu woposa wa mwini nyumba.

Amayi ake a Gregorio ndiwo anabwera nalo duwali kuchokera ku Muloza banja litangoyamba, ndipo Esmeralda ankalilera ngati mwana woyamba. Loweruka lililonse ankapukuta tsamba limodzilimodzi ndi kansalu konyowa. Madzi ake anali a mvula okhaokha, ati a pampopi amawaula nsonga za masamba. Dzuwa likangosuzumira pawindo, mayi ankathamangira kukakoka katani. Gregorio, amene ankapsa tsiku lonse pasiteji akukonza njinga zamoto, palibe anamukokerapo katani.

Tsono Esmeralda anatenga mwana wawo Rosie n'kupita ku Milange kukasamalira mng'ono wake amene anali atangobereka kumene. Lamulo anasiya limodzi.

"Bambo a Rosie, muzipisa chala m'dothimo. Likakhala lonyowa, musathire madzi. Basi."

Gregorio anaona kuti imeneyi inali nkhanza. Ndi kutentha kwa Okutobala kumeneku, chamoyo chingamadikire chala cha munthu kuti chimwe? Iye anayamba kuthirira m'mawa ndi madzulo, mowolowa manja. Masamba atayamba chikasu, dokotala wathu anapeza kuti ndi njala, ndipo anathira feteleza wodzaza dzanja. Atayamba kufota, anati vuto ndi mthunzi, n'kukankhira mphika pawindo, katani atamuchotseratu. Tsopano thunthu linali lofewa ngati nthochi yakupsa, dothi likununkha ngati ngalande ya kumsika.

Anaitanitsa Lyson, mnzake wosamalira maluwa kunyumba za mabwana ku esiteti ya tiyi. Lyson anagwira thunthu lija ndi zala ziwiri, ndipo linazuka lokha mosavuta.

"Achimwene, mwandiitanira maliro," anatero Lyson. "Mizu yonse yaola. Dirasena amapirira ludzu, amapirira mdima, koma munthu wachifundo ngati inu sangamupirire."

"Ndiye kuti silingadzuke?"

"Mwina pa tsiku lachiweruzo."

Gregorio anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. M'maganizo mwake ankaona kale Esmeralda akulira, ankhoswe atakhala pamipando yomweyi, iye akufotokoza mmene mwamuna wamkuluyu, wodziwa kumasula injini ndi kuibwezera, analepherera kupisa chala m'dothi. Mkaziyo anali atamukhululukira zambiri pa moyo wake, koma izi zokha ayi.

Lyson anatsokomola. Kwake, ati, kunali dirasena wina wofanana ndi malemuyu ngati mapasa. Sankagulitsa, chifukwa anzako suchita nawo malonda. Kungoti nkhukundembo imene Gregorio ankainenepetsera Khirisimasi inkaoneka yosungulumwa kwambiri kuseriko.

Nkhukundembo inapita ikulira pakeliyala ya njinga ya Lyson, ndipo pakeliyala yomweyo panabwera dirasena watsopano. Anamudzala mumphika womwe uja, m'dothi losakaniza ndi mchenga, katani n'kubwerera pamalo pake. Malemu anaikidwa kuseri kwa bafa popanda nyimbo.

"Ameneyu musamuchitire chifundo chilichonse," anatero Lyson potsanzika. "Ngakhale kumuyang'ana, muziyang'ana mwapatali."

Gregorio anamvera ngati mwana wa sukulu ya mishoni. Chala ankapisa, madzi ankamana, masamba ankapukuta ndi mpango wake wa kutchalitchi. Posakhalitsa pamwamba panatuluka katsamba katsopano, kobiriwira ngati tiyi wa m'dzinja. Iye anayamba kuyenda m'nyumbamo manja ali kumbuyo. Ndi amuna angati pa Chitakale ponse amene angaphe duwa n'kuliukitsa mkazi osadziwa? Analingalira zoti mwina ku njinga zamoto ankangotayako luso.

Esmeralda anafika Lachiwiri masana, Rosie ali pambuyo ndi jumbo ya masikono a ku Milange. Moni sanamalize. Anaima pakhomo chikwama chili m'manja, maso ali pakona paja. Kenako anayandikira pang'onopang'ono, nagwira katsamba katsopano kaja, napisa chala m'dothi. Anakhala pampando, misozi ikulengeza.

Gregorio anakonza kolala. Misozi ya chisangalalo inali malipiro okwanira, ngakhale kuti Khirisimasi ya chaka chino inali yoti adzadyera nyemba.

"Musalire, mayi a Rosie," anatero modzichepetsa. "Ndi ntchito yochepa. Kungoti ena tili ndi dzanja."



"Zaka zonsezi ndakhala kapolo wa chimtengo chimenechi poopa pakamwa pa amayi anu," anatero Esmeralda. "Ndinakusiyirani dala kuti chifere m'manja mwa mwana wawo, ine ndipume. Ntchito imodzi yokha imene ndinkadziwa kuti mungaithe, bambo a Rosie, yakukanikaninso?"