Nyanja m'munda wa kabichi

"Abwana, pakatipa sitinayezepo," anatero Dahye motsitsa mawu, akuloza mapu a kutentha kwa nyanja.

Pulofesa Yeom anamuyang'ana ngati ntchentche yagwera m'tiyi. "Tinayeza kum'mawa, tinayeza kumadzulo, pakatipo kompyuta yadzaza yokha. Wayamba liti kuiposa nzeru? Madzi ofunda ali pomwepo. Katsitse chipangizo choyezera, undijambulire!"

Dahye anangowerama. Ku ofesi yawo ya mumzinda wa Busan, wamng'ono sankayankha bwana kawiri.

Mawa lake chithunzi chinafika pa foni ya pulofesa: chipangizo chija chitakhala phee m'munda wa kabichi, pachilumba chimene kompyuta inachimiza pa mapu.

"Madzi sanafikebe, abwana," analemba Dahye. "Tidikire?"