Kukajambula Chipwirikiti kwa Azakhali

Wojambula wina anatsika basi akudumphadumpha, kamera ikumugunda pachifuwa. Okonza chionetsero cha zithunzi anali atavomera mutu wake, wakuti chipwirikiti, ndipo zithunzi ankazifuna mawa lake. Iye analibe nkhawa. Kwa azakhali ake nsapato imapezeka mumphika, ana amayenda pamwamba pa mipando, galu amapikisana ndi wailesi.

Anali atawaimbira foni dzulo lake: "Ndikubwera kudzakujambulani, anthu ambiri adzakuonani."

Anakankha chitseko akuseka yekha. Pansi panali poyera mbee. Ana anali ataima pamzere, kuyambira wamtali mpaka wamfupi, nkhope zili phuliphuli ndi mafuta. Ngakhale galu anali atamusambitsa.

"Jambula msanga, mwanawe, asanade," anatero azakhali monyadira. "Mwayi wako ndi wakuti sunafike m'mawa. Muno munali chipwirikiti chochititsa manyazi."