Mafizo a Pakhonde

"Kankhani dzanja langali," anatero dokotala atagwira phazi la a Cuthbert.

A Cuthbert anakukuta mano, koma mwendo umene anauchita opaleshoni ya mtsempha wa m'bondo unangonjenjemera. Popanda chilolezo cha dokotala, sakanabwerera kuntchito yawo yotsitsa nkhuni panjinga kuchokera kuphiri la Zomba.

"Mafizo aja mumachita?"

"M'mawa uliwonse, adokotala. Afunseni mayiwa."

"Sakunama," anatero akazi awo motsitsa mawu. "Amachitira pakhonde, dera lonse la Chinamwali likuonerera."

Dokotala anayeza ntchafu ziwirizo ndi tepi. Yabwinoyo inali ngati mtondo, yodwalayo ngati munsi.

"Kodi mumalimbitsa mwendo uti, bambo?"

"Wamphamvuwu," anayankha monyadira. "Winawu ungandichititse manyazi pagulu."

Mwakachetechete, akazi awo anatola ndodo zoyendera za amuna awowo n'kuwapatsira.